Apache Tomcat pa seva ya mapulogalamu angapo: zipinda amagawa bwino, koma mita ndi imodzi

Ofesi ikakhala ndi seva imodzi koma mapulogalamu a Java atatu kapena anayi, funso limabwera lokha: kodi onsewa angakhale mu Tomcat mmodzi? Yankho lake ndi eya, ndipo kuwalowetsamo sikutenga ngakhale mphindi khumi. Chimene chimafuna kuunikidwa ndi mmene amakhalirana akalowamo. Ndemangayi ikukhudza makamaka Tomcat 10.1, ngakhale zambiri zikugwiranso pa 9 ndi 11.

Tomcat ndi pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu a pa intaneti olembedwa mu Java. Ndi waulere, ali pansi pa Apache License 2.0. Anayambira ku Sun Microsystems ndipo anaperekedwa ku Apache Software Foundation mu 1999. Amene amagwira ntchito za makompyuta m'zaumoyo amamudziwa kale, chifukwa DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umagwiritsa ntchito posonkhanitsa malipoti, imayendera pa Tomcat, ngati mmene OpenMRS, yosungira mbiri za odwala, imachitiranso.

Musanayambe china chilichonse, onani kuti mapulogalamu anu akufuna Tomcat uti, chifukwa apa pokha nkhani yokhalira limodzi ikhoza kuthera pomwepo. Tomcat 9 amagwiritsa ntchito mayina akale a javax.servlet ndipo amayenda pa Java 8 kupita m'tsogolo. Kuyambira pa 10 mayinawo anasintha kukhala jakarta.servlet; 10.1 amafuna Java 11, pomwe 11 amafuna Java 17. Pulogalamu ya javax mukaiponya mu Tomcat 10, imatha kuoneka ngati yalowa bwinobwino, koma tsamba lililonse likubweza 404, kapena mulogi mwadzaza ClassNotFoundException. Pali foda ya webapps-javaee: mukaikamo WAR yakale (WAR ndi fayilo imodzi yonyamula pulogalamu yonse), Tomcat amaisinthira mayina n'kuisamutsira mu webapps. Pa mapulogalamu ang'onoang'ono zimenezi zimatheka, koma pa akuluakulu odzaza ndi malaibulale a anthu ena si chinthu chochidalira musanachiyese mokwanira. Ngati mudakali pa 8.5, dziwani kuti anasiya kumukonza pa 31 March 2024.

Kugawa ndi njira za pa adiresi

Njira yapafupi ndi kuponya mafayilo a WAR mu foda ya webapps. Dzina la fayilo ndilo limakhala njira ya pulogalamuyo pa adiresi. malipiro.war imapezeka pa /malipiro, katundu.war pa /katundu, ndipo ROOT.war, yolembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, imatenga tsamba loyambirira. Mukafuna njira ya magawo awiri mumaika chizindikiro cha #, mwachitsanzo ofesi#malipiro.war imakhala /ofesi/malipiro.

Apa Tomcat ndi woyamikirika. Pulogalamu iliyonse amaipatsa class loader yakeyake (mbali yolowetsa khodi mu memori), imene imayamba kufufuza mu WEB-INF/classes ndi WEB-INF/lib ya pulogalamuyo isanapite ku foda ya lib ya onse. Choncho pulogalamu ina ikhoza kukhala ndi laibulale yakale, inzake ndi yatsopano ya dzina lomwelo, osakangana. Mkangano umayamba munthu akaganiza zosunga malo n'kusonkhanitsa ma JAR (mafayilo a malaibulale) onse mu lib ya Tomcat. Tsiku limene pulogalamu imodzi idzafune laibulale yatsopano, onse adzakakamizika kusintha limodzi, ndipo mudzayamba kuona NoSuchMethodError pa pulogalamu imene simunaikhudze n'komwe. Mu lib ikanimo madalaivala a database basi.

Zokonda za pulogalamu iliyonse, monga dzina ndi mawu achinsinsi a database, malo ake abwino ndi fayilo yapadera, conf/Catalina/localhost/malipiro.xml. Dzina la fayiloyi liyenera kufanana ndi la WAR. Ambiri amalemba Context (zokonda za pulogalamuzi) mu server.xml, fayilo yaikulu ya zokonda za Tomcat, chifukwa ndi mmene malangizo akale a pa intaneti amanenera, koma zimenezi zili ndi mavuto awiri. Loyamba, server.xml amawerengedwa poyatsa pokha, ndiye kusintha kanthu kakang'ono ka pulogalamu imodzi kumafuna kuzimitsa onse. Lachiwiri ndi lobisika. Mukalemba Context ya path="" yoloza docBase="malipiro", pomwe malipiro.war ili mu webapps momwemo, Tomcat amaiyatsa kawiri: kamodzi pa / chifukwa cha server.xml, kenanso pa /malipiro chifukwa waipeza yekha mufodamo. Pa bulawuza simuona cholakwika chilichonse. Mumadzazindikira pamene ntchito ya usiku yayenda kawiri, kasitomala aliyense walandira uthenga wa pafoni umodzimodzi kawiri, ndipo memori yatha msanga. Mankhwala ake n'ngosavuta: sinthani dzina la fayilo likhale ROOT.war, kapena ichotseni mu webapps muiike kwina n'kuiloza ndi ROOT.xml.

Chinthu china chosatchuka koma chothandiza ndi chizindikiro cha ## choika nambala ya mtundu. Mukaika malipiro##002.war pambali pa malipiro##001.war, amene ali kale mkati amapitiriza pa yakale mpaka session yawo itatha, olowa kumene amapita pa yatsopano. Nambalazi amaziyerekeza ngati mawu, osati ngati masamu, ndiye ##11 imaoneka yakale kuposa ##2. N'chifukwa chake muziyamba ndi maziro. Dziwaninso kuti pa nthawi imeneyo memori ikunyamula mapulogalamu awiri athunthu, ndipo onse akulemba mu database imodzi.

Kugawa ndi mayina a seva

Mukafuna kuti pulogalamu iliyonse ikhale ndi dzina lake, mumawonjezera Host mkati mwa Engine mu server.xml:

<Host name="malipiro.example.org" appBase="webapps-malipiro" unpackWARs="true" autoDeploy="false"/>
<Host name="katundu.example.org" appBase="webapps-katundu" unpackWARs="true" autoDeploy="false"/>

Mu foda iliyonse mumaikamo ROOT.war yake. Lamulo losaphwanyidwa ndi lakuti appBase ya Host mmodzi isakhale mkati mwa ya mnzake. Mukapanga webapps/malipiro kukhala appBase pomwe webapps ndi ya localhost (Host amene amabwera ndi Tomcat), localhost adzaitenga foda imeneyo ngati pulogalamu yake, ndipo mafayilo amene munkayesa kuti ali pobisika akhoza kutsitsidwa ndi aliyense wodziwa njira. Pempho lobwera ndi dzina limene silikugwirizana ndi Host aliyense, kapena lobwera ndi nambala ya IP yokha, limagwera kwa Host wotchulidwa pa defaultHost. Ndi bwino kuti Host ameneyo akhale wopanda kanthu. Mafoda a docs ndi examples amene amabwera ndi Tomcat achotseni.

Manager, tsamba loyatsira ndi kuzimitsira mapulogalamu, amaona za Host mmodzi yekha amene waikidwamo. Host aliyense watsopano amafuna manager.xml wake mu conf/Catalina pansi pa dzina lake. Poyamba Manager amangolola munthu wolowera pa seva pomwepo, ndipo salandira WAR yoposa 50 MB pokhapokha mutasintha web.xml wake. Malire a adiresiwo musawachotse. Ngati mukufuna kulowa muli kutali, dutsirani pa SSH.

Pamene mpanda umathera

Zonsezi zikugawa mayina ndi makalasi. Pansi pake pali JVM imodzi (injini yoyendetsa Java), heap imodzi (memori yogwirira ntchito ya mapulogalamu) ndi gulu limodzi la ma thread (antchito oyankha mapempho). Zili ngati nyumba za lendi za mumpanda umodzi: aliyense ali ndi chitseko ndi loko wake, koma mita ya magetsi ndi imodzi. Wina akayatsa mbaula tsiku lonse, mayunitsi amathera onse.

Tiyambe ndi memori. Mukapanda kulemba -Xmx, Java amatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a memori ya makina kukhala malire a heap. Pa seva ya 4 GB ndiye kuti mapulogalamu onse akugawana 1 GB. Tomcat alibe njira yonenera kuti malipiro asapitirire 300 MB. Wina akatsitsa lipoti la Excel la mizere yambirimbiri mu pulogalamu ya katundu, heap imadzaza, garbage collector, yoyeretsa memori, imayamba kuthamanga mosapuma, ndipo OutOfMemoryError ikhoza kugwera pulogalamu ina iliyonse imene yapempha memori pa mphindi imeneyo. Mulogi mumaoneka dzina la wosalakwa. Kuti mupeze wolakwa weniweni, yatsiranitu -XX:+HeapDumpOnOutOfMemoryError ndi -XX:HeapDumpPath yoloza disiki ya malo okwanira, chifukwa fayilo yake imakula pafupifupi ngati heap yomweyo.

Ma thread nawo ndi chimodzimodzi. Connector, khomo lolandirira mapempho, amabwera ndi maxThreads 200 ndi acceptCount 100. Tiyerekeze kuti pulogalamu imodzi imafunsa seva ina yakunja, monga yotumizira mauthenga kapena yolandirira ndalama za pafoni, ndipo amene anailemba sanaike malire a nthawi yodikira. Seva yakunjayo ikangoti zii, pempho lililonse limagwira thread imodzi osaimasula. Pakapita kanthawi ma thread onse 200 ali pamzere womwewo, ndipo mapulogalamu ena, amene alibe vuto lililonse, asiya kuyankha. CPU ili phee, memori ilipo, koma tsamba likungozungulira. Kuyang'ana top sikungakuuzeni kanthu. Tengani thread dump ndi jstack kapena kill -3, mudzapeza ma thread a http-nio-8080-exec ochuluka ataima pa mzere umodzi. Tomcat ali ndi zida ziwiri zothandizako. StuckThreadDetectionValve imalemba mulogi thread imene yakakamira, koma poyamba imadikira masekondi 600, amene ndi ochuluka. Itsitseni ifike pa 60. SemaphoreValve, yoikidwa mu Context ya pulogalamu yokayikitsayo, imaika malire a mapempho amene angalowe nthawi imodzi. Zonsezi n'zigamba. Zimachepetsa vuto, sizimanga khoma.

Kenako pali zinthu zimene ndi za JVM yonse mwachibadwa. Pulogalamu imodzi ikaitana TimeZone.setDefault n'kuika UTC, anzake onse amene ankayendera Africa/Blantyre amayamba kulemba nthawi yotsalira ndi maola awiri. System property iliyonse ndi ya onse, environment variable iliyonse ndi ya onse. DHIS2 kawirikawiri imapeza foda ya zokonda zake kudzera pa DHIS2_HOME, ndiye kuika yoyeserera ndi yeniyeni mu Tomcat mmodzi ndi kuputa dala ngozi yakuti zonse ziloze database imodzi. Ndipo pulogalamu ikaitana System.exit, onse amagwa. Kale SecurityManager ankatha kuletsa zoterezi, koma Java 17 anamuika m'gulu la zoti zichotsedwe, ndipo Tomcat 11 anamuchotseratu. Kunena mosapsatira, mapulogalamu a anthu osakhulupirirana asakhale mu Tomcat mmodzi, chifukwa onse amayenda ndi akaunti imodzi ya Linux ndipo aliyense akhoza kuwerenga mawu achinsinsi a mnzake mu foda ya conf.

Kulowetsa WAR yatsopano Tomcat ali chiyakire kumakoma poyamba, koma kuli ndi ngongole yake. Pulogalamu yakale ikasiya thread yosazimitsidwa, ThreadLocal yosayeretsedwa kapena dalaivala wa JDBC wosachotsedwa, class loader yake yonse imatsalira mu memori. Mukabwereza kangapo, Metaspace, memori yosungira makalasi, imafufuma. Tomcat amayesetsa ndithu: amalemba chenjezo lakuti pulogalamu yayatsa thread koma yalephera kuizimitsa, ndipo Manager ali ndi batani la Find leaks. Koma sangakonze khodi ya munthu wina. Popeza Metaspace ilibe malire mukapanda kuwaika, JVM imakula mpaka Linux aiphe yekha, osasiya mawu mu catalina.out, umboni wake mumaupeza mu dmesg. Ikani -XX:MaxMetaspaceSize, mwachitsanzo 512m, kuti vutolo lizionekera poyera. Pa seva yeniyeni autoDeploy ikhale false. Ikakhala true, kukopera WAR yaikulu pa netiweki yochedwa kukhoza kuchititsa Tomcat kuyamba kuimasula isanafike yonse. Koperani kwina, kenako musamutse ndi mv.

Masamu a database

Apa anthu ambiri amapunthwa. Resource yolembedwa mu conf/context.xml si pool (nkhokwe ya ma connection a database) imodzi ya onse; pulogalamu iliyonse imapanga yake. Mukalemba maxTotal="30" ndipo mapulogalamu alipo anayi, mwalola ma connection 120. PostgreSQL amabwera ndi max_connections 100, ndipo atatu mwa amenewo amasungira superuser. Tsiku la ntchito yambiri, ngati kumapeto kwa mwezi, wina adzakanidwa khomo. MySQL amabwera ndi 151, ndiye vutolo limangochedwerapo. Mukafunadi pool imodzi, ilembeni mu GlobalNamingResources ya server.xml n'kuilumikiza ndi ResourceLink mu Context ya pulogalamu iliyonse. Komabe pool yosiyana pa pulogalamu iliyonse, ya kukula kowerengedwa bwino, ndiyo yabwino, chifukwa wotayirira ma connection amadzipweteka yekha.

Samalaninso ndi mayina. Pool imene Tomcat amagwiritsa ntchito mukapanda kusankha ndi DBCP 2, imene imamva maxTotal ndi maxWaitMillis. Malangizo akale amalemba maxActive ndi maxWait. Mukakopera amenewo, Tomcat amangolemba chenjezo mulogi n'kupitiriza ndi nambala zake: ma connection 8 okha, ndi kudikira kopanda malire. Wachisanu ndi chinayi amaima mpaka kalekale, atagwira thread, ndipo tabwerera ku vuto lija la ma thread 200.

Njira imene ndi yolimba: CATALINA_BASE

Mbali imene ikupangitsa Tomcat kukhala woyenera ntchitoyi ndi yakuti mafayilo ake mumaika kamodzi, koma mukhoza kuyatsa ma JVM angapo osiyana. CATALINA_HOME ndi kumene kuli Tomcat weniweniyo, mwachitsanzo /opt/tomcat. CATALINA_BASE ndi foda ya Tomcat aliyense woyaka, yokhala ndi conf, logs, temp, webapps ndi work zake. Kuyambira pa 9 pali bin/makebase.sh yopangira mafodawa. Onetsetsani kuti mu conf yatsopanoyo muli server.xml ndi web.xml.

Mu server.xml aliyense sinthani ma port awiri: wa HTTP, 8081 kwa woyamba ndi 8082 kwa wachiwiri, ndi wa shutdown, umene poyamba ndi 8005. Wachiwiriwu ndi umene anthu amaiwala, ndipo Tomcat wachiwiri amayaka n'kuzima pomwepo ndi BindException. Ngati mukuyendetsa ndi systemd, yoyatsa ndi kuzimitsa mapulogalamu pa Linux, ikani port="-1" kuti utsekedwe. Pa Connector onjezani address="127.0.0.1" kuti anthu akunja asafikepo mwachindunji. Za memori zilembeni mu bin/setenv.sh ya CATALINA_BASE imeneyo, pa CATALINA_OPTS osati JAVA_OPTS, popeza JAVA_OPTS imagwiranso pa kapulogalamu kozimitsira, kamene sikafunika heap yaikulu. Aliyense mupatseni akaunti yake ya Linux ndi unit yake ya systemd, ndipo JAVA_HOME ikhoza kusiyana. Pulogalamu ya javax ingofuna CATALINA_HOME yachiwiri ya Tomcat 9 pambali.

Mtengo wake ndi memori. JVM iliyonse imadya zoposa -Xmx yake, chifukwa Metaspace, ma stack a ma thread ndi code cache zili kunja kwa heap. Pa seva ya 8 GB imene ilinso ndi PostgreSQL, ma JVM awiri a -Xmx2g ndi pabwino poyambira. Atatu a kukula komweko mwayamba kupanikiza database. Pa VPS ya 2 GB njirayi ndi yothina, ndipo Tomcat mmodzi wa mapulogalamu awiri opepuka ndiye wanzeru.

Amene amaika Tomcat kuchokera mu apt pa Debian 12 kapena Ubuntu 24.04 adziwe kuti phukusi la tomcat10 limabwera ndi unit ya systemd yomangidwa manja. Limalola kulemba m'mafoda ochepa okha, ndiye pulogalamu yofuna kusunga mafayilo mu /opt kapena /srv imalandira "Read-only file system" ngakhale chmod ndi chown zili bwino. Konzani ndi systemctl edit tomcat10, muwonjezere ReadWritePaths.

Nginx kutsogolo

Tomcat amatha kunyamula masatifiketi a HTTPS angapo pa Connector mmodzi kudzera pa SSLHostConfig, koma masatifiketi a Let's Encrypt a masiku 90 ndi osavuta kuwasamalira pa Nginx kapena Apache httpd, maseva oikidwa kutsogolo kuti azilandira alendo n'kupereka mapempho kwa Tomcat. Pali zinthu zinayi zimene zimasokonekera pamalumikizidwe amenewa. Nginx satumiza dzina limene mlendo analemba pokhapokha mutaika proxy_set_header Host $host; popanda mzerewu mapempho onse amagwera kwa defaultHost. Tomcat sadziwa kuti mlendo anabwera pa HTTPS pokhapokha mutatumiza X-Forwarded-Proto ndi X-Forwarded-For n'kuyatsa RemoteIpValve. Apo ayi amabweza anthu ku http, ndipo mu access log aliyense amaoneka ngati 127.0.0.1 mpaka mutaika requestAttributesEnabled="true". Nginx amakana fayilo yoposa 1 MB ndi 413, ndipo amadula pempho lodikira yankho masekondi oposa 60 ndi 504, zimene anthu amanamizira Tomcat.

Chachinayi ndi cha cookie. Tomcat amamangirira JSESSIONID, cookie yozindikirira amene walowa, ku njira ya pulogalamu. Mukachititsa Nginx kusandutsa / kukhala /malipiro, cookie imatuluka ndi Path=/malipiro, bulawuza siibweza, ndipo munthu amalowa ndi mawu achinsinsi olondola n'kubwezedwanso pa tsamba lolowera. proxy_cookie_path imakonza zimenezi, koma ma redirect ndi maulalo a mkati amatsalabe. Njira ya kunja ifanane ndi ya mkati, nkhani yatha. Za AJP, njira ina yolumikizira Tomcat ndi seva yakutsogolo pa port 8009, kuyambira pamene bowo la Ghostcat linadziwika mu 2020 Connector ameneyu amabwera wozimitsa, ndipo ngati simukugwiritsa ntchito mod_jk kapena mod_proxy_ajp, musiyeni choncho.

Malogi ndi kuyatsa

Apa Tomcat ndi wofooka. Chilichonse chimene mapulogalamu alemba pa System.out chimathera mu catalina.out imodzi, chosakanikirana, ndipo fayiloyi siidulidwa yokha. Imakula mpaka disiki kudzaza. Ikani logrotate ya copytruncate, ndipo pulogalamu iliyonse izilemba mu fayilo yake kudzera pa Logback, Log4j kapena logging.properties ya mu WEB-INF/classes. Host aliyense mupatsenso AccessLogValve ya prefix yake.

Poyatsa, mapulogalamu amadzuka mmodzimmodzi, popeza startStopThreads ya Host imayambira pa 1, ndipo Connector sayamba kuyankha mpaka onse atadzuka. Kumalo kumene magetsi amathimathima, mapulogalamu anayi a mphindi imodzi aliyense ndi mphindi zinayi za anthu kudikira nthawi iliyonse seva ikayakanso. Kuika 0 kumamuuza kuti agwiritse ntchito ma core onse. Ndondomeko ya amene ayambe kudzuka siyolonjezedwa, ndiye pulogalamu imene imafunsa inzake pa HTTP ili mkati modzuka imangokakamira, chifukwa khomo limene ikugogodalo silinatsegulidwe.

Kwa ndani, ndipo motani

Pa mapulogalamu ang'onoang'ono a gulu limodzi, a Java mmodzi, amene akhoza kuzimitsidwa limodzi popanda wodandaula, Tomcat mmodzi wa ma Context kapena ma Host angapo ndi wokwanira ndipo amasunga memori. Pulogalamu ya ndalama, ya odwala, yolemera ngati DHIS2, kapena yolembedwa ndi kampani ina, ipatseni CATALINA_BASE yake ndi akaunti yake. Mapulogalamu ofuna EJB kapena JMS za Jakarta EE yathunthu si a Tomcat. Amenewo ndi a WildFly, Payara kapena TomEE. Ndipo ngati onse ndi a Spring Boot, ali kale ndi Tomcat mkati mwa JAR yawo: aliyense mupatseni server.port yake ndi unit yake ya systemd, Nginx awagawire alendo.